Maliro a Mzungu wa M'buku

Tenson, mphunzitsi wa katekisimu ku Bundabunda, anabwereka buku la Chingerezi kwa bambo mfumu a ku Kasisi, nkhani ya mzungu wophedwa m'chipinda chotseka, ndipo kwa masabata atatu khasu lake linali pa tchuthi. Lachisanu m'mawa, atatsala ndi masamba asanu okha kuti amudziwe wakupha, anapisa dzanja pansi pa mkeka n'kupeza palibe, uku mkazi wake Tisauke akutong'ola chimanga cha mbewu pakhonde ngati munthu wosalakwa.

"Amake Olipa, buku langa lili kuti?"

"Lija la maliro?"

"Si la maliro! Ni la wapolisi wofufuza mlandu."

"Munati mzungu anafa patsamba loyamba. Anamuyika?"

"Sanamuyike. Akali kufufuza."

"Masabata atatu? Kutentha kuno?" Tisauke anagwira pakamwa. "Nanga abale ake anawauza?"

"Abale akewo niwo akuwaganizira! Kukoma kwa bukuli n'komweko, amayi. Limapsa ngati nyemba, moto pang'onopang'ono. Lero wapolisi amwa tiyi kwa mlongo wa malemu, mawa amwa tiyi kwa khukhi wophikira malemuyo, aliyense anamako pang'ono..."

"Tiyi? Mtembo uli m'nyumba?"

"Mtembo wake ni wa pepala!"

"Nanga dzulo munaliriranji? 'Kalanga ine, amupha ngati nkhuku!' Munthu salira pepala, atate ake Olipa."

Tenson analiradi dzulo lija, ndipo manyazi anamugwira.

"Mverani. Lamulungu nibweza buku kwa abambo. Nikapita chimanjamanja nikawayang'ana ni maso ati? Komanso wakupha sininamudziwe! Niganizira khukhi, koma khukhi uja ulemu wake..."

"Mtima pansi. Namuyika."

"Mwayika ndani?"

"Mzungu. Namukulunga m'kansalu, nakumba, nakwirira. Nayimbako ndime imodzi."

"Mayo ine! Mwakwirira buku la abambo?"

"Kwathu ku Katete maliro akakhala pamudzi khasu siligwidwa. Naona inu simuligwira, anzathu onse alima, nati bambo awa ni aulemu, adikira maliro achoke. Ine nangothandiza."

Tenson anakweza maso. Cha ku Chalimbana mitambo inali itada bii.

"Mvula ikubwera! Litota!"

"Kapena chiswe chiyambe," anatero Tisauke modekha, osasiya kutong'ola. "Chingerezi sichidziwa, koma chiwerenga msanga kupambana inu."

"Mwamuyika pati?"

"Kumunda."

"Munda wonse uja? Pati penipeni? Lozani!"

"Iyayi! Manda saloza, chala chipindika."

"Basi nenani pakamwa!"

"Naiwala. Ninali ni chisoni."

Apa mpamene mwamuna wophunzirayo, amene kwa masabata atatu ankadzitama kuti munthu wonama amamuonera patali, anaona kamilomo ka mkazi wake kakunjenjemera ndi phwete. Anapsa mtima, koma akanatani? Tisauke anadzuka, nakutumula chitenje, natenga khasu pa tsindwi n'kumugwiritsa m'manja ndi ulemu wonse, atapinda bondo.

"Mzere ndi mzere, atate ake Olipa, ine nibwera pambuyo ni mbewu. Wopha mzungu mukamupeza kumundako. Koma wofuna kupha ine ni ana ndi njala chaka chino, ameneyo nimudziwa kale dzina, ine wosawerenga."