Khoma la Lachisanu

Pa siteji ya basi zopita kumzinda wa Zagreb, mayi wina wokhala m'makontena a anthu ogweredwa nyumba ndi chivomezi anayang'anitsitsa bambo wa nsapato zotuwa ndi laimu.

"Bambo, ndinu a kusukulu yatsopano ya zomangamanga ija?"

"Eya mayi, ndimaphunzitsa kuyala njerwa."

"Ndiye chimagunda n'chiyani kumeneko Lachisanu lililonse? Amuna anga amathawira panja opanda nsapato, ati chivomezi chabweranso."

"Pepani, ndi khoma la ana asukulu. Amamanga mlungu wonse, ndikaliona timaligwetsa kuti njerwazo adzaphunzirirenso."

"Limakhala lokhota?"

"Ayi, loongoka bwinobwino."

"Nanga osabwera kudzamanga langa bwanji? Njerwa ndili nazo, ndinatola ndekha pabwinja la nyumba yathu."

"Lamulo sililola mpaka atalandira satifiketi."

"Ndidikira. Akadzalandira munditumizire awiri."

"Akalandira amakwera basi tikudikirayi, mayi, ulendo wopitirira mpaka ku Germany kukagwira ntchito. Inenso mphunzitsi wawo ndimagona mu kontena."

"Basi, Lachisanu likudzali musafulumire kugwetsa. Ndibwera ndi amuna anga angotsamirako pang'ono. Anaiwala kuti khoma limaima."