Zimene Latifu Analankhula Atagonetsedwa

Latifu anatsitsimuka m'wodi ya amuna, pamimba atamusoka ngati thumba la mpunga, n'kupeza Bushra akumupukuta pamphumi. Bushra, mkazi wake yemwe uja Latifu anamupatsa talaka, chisudzulo cha Chisilamu, atakangana za wailesi, ndipo eda, nyengo imene mwamuna angathe kubweza mawu ake, inali itatsala ndi masiku awiri.

"Mwadzatani kuno, amake Zahra?"

"Zahra ali pa mayeso, ndiye achipatala amafuna gadiyani." Anafinya kansalu. "Komatu dzulo mankhwala ogonetsa aja anakulankhulitsani. Wodi yonse inamva."

Latifu sanauope mpeni wa dokotala, koma apa thukuta linatuluka. Miyezi yonseyi ankauza asodzi anzake kuti umbeta ukumukoma.

"Anali mankhwala amenewo. Ngati ndinati Lachisanu lililonse ndimadutsa dala kwanu ku Benga, kumeneko ndimakagula misomali."

"Zimenezo simunanene."

"Ngati n'za mpango wanu uli kunsi kwa pilo, ndimapukutira njinga."

"Wobiriwira uja? Ndaufunafuna. Koma simunautchule."

Sharifu ndi Hamidu, odwala a mabedi oyandikana, anakhala tsonga, madiripi ali lendelende. Latifu anati atembenukire kukhoma, ulusi unamukoka, n'kubwerera momwemo. Anakana zoti analirapo m'bafa. Anakananso zoti chambo chimene chinafika kwa apongozi pa Idi anatumiza ndi iye, ndipo ngati anatumiza, chinali chotsala. Bushra ankangoyankha modekha kuti ayi, si zimenezo.

"Mukubisa kuti mundizunze, eti?"

"Simunandifunse. Mukungodziyankha nokha."

"Sindifunsa. Ndikudziwa zimene ndinanena."

"Ndiye zili bwino," anatero Bushra, akupinda kansalu kaja. "Mawa kubwera achemwali anu, ine ndizibwerera ku Benga."

Apa Latifu anachita mantha enieni.

"Chabwino! Ndinanenazo ndikubwereza ndili maso. Talaka ija ndaibweza. Bwererani kunyumba, yandikulira ndekha."

"Tamva," anatero Sharifu ndi Hamidu limodzi, mboni ziwiri zokwanira pobweza talaka, ngakhale mmodzi anali ndi paipi m'mphuno.

Bushra anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kumufunditsa bwino bulangeti.

"Ndibwerera, abambo ake Zahra. Koma dzulo mumangokalipira adokotala kuti sadziwa kukoka khoka."