Tipoti ya Apongozi Yafiira Mbali Imodzi

— Halo?

— Halo, alamu a Phoebe? Ndine Tusekile, kuno ku Uliwa.

— Aa, make Ipyana! Mwaswera bwanji, alamu?

— Taswera bwino, kaya inu ku Lilongweko?

— Tili bwino. Achimwene a Wallace ali bwanji?

— Ali bwino, ali kusukulu, akuyang'anira mayeso. Nanga abambo akunyumba? Ana?

— Onse ali gwa. Wamng'onoyu ndiye chifuwa, koma akupezako bwino. Ipyana wayamba kuyankhula?

— Liwu limodzi lokha, "ayi". Koma amalidziwa m'zinenero zitatu.

— Watengera agogo ake ameneyo. Kukutentha uko?

— Musafunse. Nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Halo? Mukundimva? Dikirani ndikwere pachulu, pakhondepa netiweki imathawa.

— Ndikukumvani tsopano. Amayi afika?

— Sanafike. Anaimba ali pa Chiweta, akuti minibasi ikutsika phiri ngati ikupepesa. Ola lisanathe akhala ali pano.

— Ulendo wawo woyamba kubwera kwanuko umenewu. Mwakonzeka?

— Ndasesa, ndachapa makatani, mbalagha ili pamoto. Nthochi ndasankha ndekha, nyama ndasankha ndekha.

— Ndiye mwangoimbira moni?

— Moni, eya. Ndi kafunso kakang'ono. Mayunitsi ndi ochepa, muyankhe mwachidule. Siliva amatsuka bwanji?

— Mukunena tipoti ija amayi anakupatsani paukwati?

— Yomweyo.

— Ija agogo anasiyiridwa ndi mzungu amene ankamuphikira ku Zomba?

— Kodi zilipo ziwiri?

— Ayi, ndi imodzi padziko lonse. Mvetserani. Madzi ofunda, sopo pang'ono, kansalu kofewa ngati thewera lakale. Mukatsuka mupukute nthawi yomweyo, musaiyanike pathandala ngati mbale.

— Nanga ikada?

— Ikada, muwiritse madzi musefuliya, muthiremo soda masupuni awiri ndi kamchere. Muiviike, ikhudze sefuliyayo. Kudako kuchoka kokha inu mukuyang'ana.

— Kokha? Osakwecha?

— Osakwecha n'komwe! Silivayo ali pamwamba pokha, wopyapyala ngati khoko la anyezi. Mkati mwake ndi mkuwa.

— Mkuwa ndi wofiira?

— Wofiirira, eya. Mwadziwa bwanji?

— Ndangoganiza. Pitirizani.

— Mchenga ayi, phulusa ayi, sitiliwaya ayi. Posunga muikulunge m'nsalu youma, muikemo kachidutswa ka choko, achimwene ali nacho chambiri, chimayamwa chinyezi. Ndipo isayandikane ndi mazira. Dzira ndi mdani wa siliva.

— Mazira angati?

— Angati bwanji?

— Ndikuti udaniwo umayambira pa mazira angati? Khumi ndi awiri afika?

— Alamu. Mwatani?

— Musakuwe, foni ili pakhutu. Zaka zitatu tipoti imeneyi yakhala mukabati kumangondiyang'ana. Ine m'nyumba mwanga chinthu chilichonse chimagwira ntchito, ngakhale chitini cha mkaka chimasunga misomali. Ndiye makoswe anayamba kundibera mazira. M'nyumba monse chokhala ndi chivundikiro chimene khoswe sangatsegule ndi tipotiyo.

— Munasunga mazira m'tipoti ya agogo?

— Miyezi isanu ndi itatu, silinasowe ndi limodzi lomwe. Mzungu uja ankadziwa zinthu.

— Mulungu wanga!

— Vuto ndi maliro a ku Wovwe. Ndinakakhala masiku anayi. Ndi kutentha kwa kuno, dzira limodzi linaphulika mkatimo, linzake n'kutsatira. Pobwera ndinapeza a Wallace akugona pakhonde, akuti m'nyumba mwafa chinthu koma sakuchipeza. Tipoti itada bii, mwina mwake mwa buluu ngati nthenga za khwangwala.

— Bwanji simunandiimbire pamenepo?

— Kuimbira munthu ku Lilongwe kuti andiphunzitse kutsuka chiwiya? Ine amene mapoto anga anthu amadziyang'anirapo nkhope? Dzulo ndinaitenga pamodzi ndi mapoto popita kukagula usipa ku Sangilo. Mchenga wa kumeneko ndi wabwino, wakuthwa.

— Ayi, ayi, ayi...

— Poyamba zinkayenda. Kuda kunachoka, inawala mpaka ndinaona mano anga. Ndiye ndinaona kadontho kofiira. Ndinati ndi dzimbiri, ndikakweche. Kadontho kanakula ngati ndalama. Ndinakwechanso, kanakula ngati chitumbuwa.

— Simunasiye?

— Munthu amasiya dzimbiri likukula? Amayi anzanga amene ankatsuka pamenepo anandimvera chisoni, tinayamba kulandirana. Tinalipo asanu. Wina anabweretsa phulusa, wina anathamangira kwawo kukatenga sitiliwaya watsopano. Tikamakwecha, iyo ikufiira. Mayi wina wachikulire anati tisiye, chinthucho chikutuluka magazi, mwini wake akukwiya kumanda.

— Bola mukanawamvera amenewo!

— Tinapemphera kaye, kenako tinapitiriza. Msodzi wina, a Golden, anati ndiwagulitse azikapungira madzi m'bwato, akuti chogwirira chake n'chabwino.

— Panopa ikuoneka bwanji?

— Zimatengera mwaima mbali iti. Mukaima kumanja, ndi tipoti ya agogo anu. Mukaima kumanzere, ndi phwetekere wamkulu wokhala ndi mlomo.

— Alamu, mwatipha.

— Wafa ndine, osati inu. Mukukumbuka zimene amayi ananena paukwati pondipatsa? "Tione ngati wa Folomu 2 angasamale siliva." Ananena motsitsa, koma maikolofoni anali oyatsa. A kwathu onse anamva, amalume mpaka lero amandifunsa kuti silivayo ali bwanji. Akaipeza chonchi aitenga kukapatsa Leticia, mkazi wa achimwene anu aang'ono, wa digiri uja, ndipo ine ndizikambidwa pamaliro onse a ku Ntcheu mpaka adzafike anga.

— Chabwino, tiganize. Ibiseni. Munene kuti inabedwa.

— Ibedwe bwanji Sangilo yonse inaiona dzulo? Ana ankatitsatira mpaka kumsewu.

— Munene kuti mwabwereketsa kutchalitchi.

— Lamulungu apita nane kutchalitchi komweko, akafunsa abusa. Bodza limafuna munthu wopanda zochita, ine ndili ndi mwana ndi munda. Tamverani ganizo langa. A Hudson okonza njinga pa Uliwa ali ndi penti ya siliva, amapaka malimu. Akuti imauma m'maminitsi makumi awiri.

— Amayi amwe tiyi wonunkha njinga?

— Ndipaka kunja kokha.

— Mukathiramo madzi otentha pentiyo ikakamira m'manja mwawo. Mukufuna abwerere ku Ntcheu ndi zala zasiliva?

— Nanga soda munanena uja sangabweze?

— Soda amachotsa kuda, sabweza siliva. Siliva wanu ali m'nyanja, usipa ukusambiramo.

— Ndiye ndiiike pakabati, mbali yofiira iyang'ane kukhoma.

— Simukuwadziwa amayi. Amainyamula, amaitembenuza, amauzira mpweya, kenako amadziyang'anira mbali zonse, ngakhale kunsi. Dikirani! Azungu amaiveka chipewa tipoti, chaubweya, kuti tiyi asazizire. Muli ndi chipewa choluka?

— Cha Ipyana chilipo, chimene munatumiza inu, chokhala ndi kampira pamwamba. Kuno sichinavalidwepo, mwana angapse mutu.

— Chomwecho! Boolani pamlomo ndi pachogwirira, muiveke.

— Dikirani, nditsike pachulu. Mukasowa ndi netiweki. Ipyana, leka lumo! Leka! Halo? Mulipo?

— Ndilipo, fulumirani.

— Ndaboola. Ndaiveka. Alamu, ikuoneka ngati mwana wodwala malungo ali pamzere kuchipatala. Ndipo chipewa chafupika, kumimba kukuoneka kufiira.

— Kokerani pansi!

— Ndikakoka pansi kampira kakutsegula chivundikiro. Kyala, Mulungu wanga! Njinga yamoto yaima pamsewu. Ndi amayi! Minibasi ija inasiya kupepesa.

— Thamangitsani tipoti m'nyumba!

— Andiona kale, ndili nayo m'manja ngati khanda. Musadule, mukhale mboni. Takulandirani, amayi! Mwayenda bwanji? Ndagha, ndagha, zikomo. Khalani apa pamthunzi, chikwama ndilandire. Ichi? Ndi... ndi tipoti ija, amayi. Imamva kuzizira.

— Mwati imamva kuzizira? Ku Karonga?

— Mwandisokoneza ndinu! Alamu, ndikunong'ona, mvetserani. Aitenga. Avula chipewa.

— Akuti chiyani?

— Palibe. Akuitembenuza. Aona kumanja. Tsopano kumanzere. Avula magalasi, apukuta, avalanso. Amayi, ndisakunamizeni, ndinasungiramo mazira, inada, ndinaikwecha ndi mchenga. Ndalakwa ndine, a Wallace sakudziwa.

— Akulira?

— Ayi. Akununkhiza mkati. Akufunsa ngati mchengawo ulipo wotsala. Ulipo, amayi, m'chitinimo paguwa. Alamu, mchenga akufuna atani nawo? Kwanu apongozi amamwaza mchenga akamathamangitsa mkamwana... kaya mtengwa?

— Sindinamvepo. Imani patali.

— Akhala pansi. Atambasula miyendo. Amanga chitenje changa pamwamba pa diresi la ulendo. Alamu! Akukwecha! Akukwecha mbali yabwino ija! Akuti ndikuyankhula ndi ndani. Ndi alamu a Phoebe, amayi. Akuti ndiwagwirire foni pakhutu, manja ali ndi mchenga.

— Halo, amayi? Mukutani?

— Phoebe, ndiwe? Ndafika bwino, msana wokha. Ndikumaliza ntchito.

— Amayi, imeneyo ndi tipoti ya agogo!

— Ukundiuza ine? Zaka makumi anayi, Loweruka lililonse, anzanga ali kumsika ine ndili ndi kansalu, apongozi anga ali chilili kumbuyo kwanga kuloza pamene ndasiya. Atamwalira ndinkawamvabe akupumira m'khosi mwangamu. Unandionapo ndikumwa tiyi wa m'tipoti imeneyi?

— Ayi, koma...

— Ngakhale bambo ako anafa osalawa. Tsiku ndi tsiku ndinkalakalaka kuigwira ndi mchenga ngati chiwiya chinzake, mantha okha. Ndinaipereka kuno kutali kuti ikavutitse wina, ndipo wapezeka munthu wosaiopa.

— Ndiye simunakwiye?

— Ndakwiya. Mtsikanayu wasiyira ntchito panjira ngati sukulu yake. Chiwiya amakwecha mbali imodzi? Taona, Tusekile mwana wanga, pachogwirira apa umapinda chala chonchi, mchenga ulowe m'maluwamo. Eya. Dzanja uli nalo, wangosowa wokuyang'anira.

— Nanga Leticia? Munkati mudzamupatsa...

— Leticia angaiike m'galasi n'kuyamba kuiopa ngati ine. Ikhala konkuno, lero timweramo tiyi, ikatha ntchito ibwerere ku mazira. Iwe Phoebe, thileyi yasiliva ya tipotiyi ili kwanu ija, Lachisanu uitumize kuno pa basi.

— Amayi, thileyi ndaisamala zaka khumi, ilibe ndi kachipsera komwe!

— N'chifukwa chake supeza nthawi yondiyendera. Lachisanu. Tenga foni yako, mwana wanga, mchenga watha m'chitinimu.

— Halo, alamu? Ndine Tusekile. Mwamva nokha. Thileyiyo ndi yaikulu bwanji? Ndikufuna poanikira usipa.

— Musayerekeze! Alamu, tamverani, thileyi ija...

— Mayunitsi akulira, mbalagha ikupserera, amayi akuti ndikapemphe sitiliwaya kwa aneba. Moni kwa ana, wachifuwayo mumupatse madzi a mandimu. Ndikubwera, amayi! Lachisanu, alamu, ndikadikira pa siteji ndi...

— Halo? Alamu? Halo!