Malisiti osokedwa ndi ulusi

Aulutsi, ndiwerengereni kalatayi kuti anzanga ozengereza amve.

Ndine telala wa pa Songani. Sukulu ndinalekezera panjira, koma ndimawerenga chilichonse, ngakhale nyuzipepala yokulungira usipa. Fomu ya msonkho yokha ndiyo inkandiumitsa m'kamwa. Ndinaipinda n'kumaiika m'buku posonyeza pomwe ndalekezera.

Mayi a kunyumba ankandiseka. "Bambo, inu owerenga mabuku onenepa, kapepala kamodzi kakukanikani? Bwerani tithandizane."

"Mawa, mayi," ndinkatero.

Kenako anadwala, ndipo kuchipatala sanabwereko.

Arubaini, mwambo wa tsiku la makumi anayi chimwalirireni, itatha, kunabwera kalata yonena za chindapusa cha msonkho. Ndinatsegula chitini chomwe mayi ankasungiramo malisiti a pashopu. Ndinapeza onse ali m'timitolo. Iwo sankadziwa kuwerenga, ndiye mwezi ukatha ankasoka malisiti a mwezi umenewo pamodzi, mwezi uliwonse ndi ulusi wa mtundu wake. Zaka ziwiri ankandikonzera ntchitoyi mwakachetechete, ine ndili kalikiliki kuithawa.

Ndinakhala pakhonde n'kulemba. Fomu yonse inatha tiyi asanazizire. Ndinatembenuka kuti ndinene kuti, "Mayi, ndamaliza," koma pamkeka pawo panalibe munthu.