Tambala wa chipepeso anandilowetsa m'ndende

Atamandike Yesu Khristu, abale anga nonse. Ndine Sitefano Tembo wa ku Madzimoyo, uja mumandimva ndikuyimba kumbuyo kwa tchalitchi mpaka ana kutseka makutu. Lero mumve mmene ndinamangidwira pa mlandu wotentha balani ya fodya imene sindinaiyandikire n'komwe, ndi mmene Mulungu ananditulutsira.

Inali nthawi ya Chitaganya, Chipata ikutchedwa Fort Jameson. Ndinali mkamwini m'mudzi wa mkazi wanga Nasitaziya, ndipo munda wathu unachita malire ndi famu ya mzungu wina. Pa khasu panalibe wondiposa, kafunseni amene atsala. Tsiku lina balani ya mzunguyo inapsa ndi fodya yense. Kwathu moto ukamugwera mnansi sukhala pansi ayi, umanyamula kanthu n'kukapepesa. Anzanga anachita mantha. Ine ndinati mantha ndi a ana, ndinagwira tambala wanga wamkulu, ndinakagwada pakhonde pa mzungu, n'kuwomba m'manja.

Mzungu anayang'ana tambala, anayang'ana ine, n'kuitanitsa apolisi. Akuti munthu wosalakwa sangabwere ndi nkhuku.

Ku polisi ankafuna maina a anthu andale amene anandituma. Sajeni wake sanali mzungu ayi, anali mwana wa kwathu konkuno. "Iwe wa tambala, wakutuma ndani?" Ndikati palibe, chikoti. Anandiponda dzanja ndi jombo mpaka zala ziwiri zinapindika, ndipo mpaka lero sizinawongoke. Tambala uja anadya iwo omwewo, ine n'kundiponyera zipalapaso. "Idya umboni wako!"

Koma chondipweteka kuposa chikoti chinabwera ndi Nasitaziya. Anayima pa waya wa ndende maso ali pansi, nati, "Atsibweni akuti mkamwini wa m'ndende salima. Mvula ikagwa musanabwere, ukwati watha, ana atsala, inu mudzabwerere kwanu." Anzanga am'ndende ankati otentha fodya wa mzungu amatuluka imvi zili mbuu. Kupemphera ndinaleka, ndinkangoyang'ana mitambo ikusonkhana. Pamapeto ndinangoti, Ambuye, chipepeso munatiphunzitsa ndinu, tsopano ndiyankhireni.

Bambo mfumu amene ankayendera akaidi anandiuza kuti maloya ena ku Lusaka anapangana m'kabungwe kawo kuti aziyimira osauka popanda malipiro, ndipo iwo anali atapereka dzina langa. Ndinaseka. Loya ndi wa azungu ndi eni masitolo, osati wa munthu wa zigamba. Koma anabweradi, mzungu wowonda, fumbi thupi lonse, pamodzi ndi womasulira wake. Anakhala pansi pamene ndinakhala ine, n'kundisiya ndiyankhule mpaka kumaliza. Chimangidwire palibe anali atandimvetsera chotero. Kenako anapita yekha kumudzi kukafunsa anthu.

Tsiku la khoti mboni yaikulu yondineneza inali kapitawo wa pa famu. Loya uja anaimirira mosafulumira.

"Nyumba yanu inapsapo?"

"Inde, bwana, chaka chatha."

"Anabwera ndani kudzapepesa?"

Kapitawo anati, "Ambiri. A Tembo awa anabwera ndi nkhuku."

"Ndiye kuti anatentha nyumba yanu ndi iwowa?"

Khoti lonse linaphulika kuseka mpaka wapolisi kumenya tebulo. Loya sanamusiye. Anamufunsa za mipope ya moto ya m'balani, ndipo kapitawo, thukuta lili kamukamu, anavomera kuti inali yong'ambika, kuti anauzapo bwana wake, bwana n'kunena kuti idikire fodya athe. Majisitireti anati ndilibe mlandu. Mzungu wa famu anatuluka osandiyang'ana. Sajeni uja anadzakwezedwa udindo. Wondipepesa sindinamuone.

Ndinayenda wapansi kubwerera ku Madzimoyo, matope m'miyendo, chifukwa mvula inali itagwa kale. Atsibweni a mkazi wanga anandiona ndikulowa m'mudzi, nati, "Mwachedwa, akamwini." Ndinapitirira kumunda, ndipo ndinapeza Nasitaziya ali yekha, mwana kumsana, akubzala mtedza. Atsibweni anali atamubweretsera mwamuna wina, koma Nasitaziya anamukana pamaso pa abale ake onse. Ndinatenga khasu ndi zala zanga zopindikazi, magazi akutuluka m'chikhatho, ndinalima mpaka atsibweni anatseka pakamwa.

Ndikuthokoza Mulungu, bambo mfumu aja, ndi loya uja amene dzina lake lilime langa linalephera kulitchula. Inu amene muli ndi m'bale womangidwa popanda chifukwa, musakhale chete kuti ndinu amphawi. Pempherani, kenako dzukani mukafunse komwe kuli maloya othandiza osauka, ndipo akakubwezani pitaninso. Ine akanandiiwala m'ndende muja, ana anga akanakula akutcha munthu wina atate. Nasitaziya ndinamuika m'manda ali mkazi wanga, ndipo pambali pake pali malo anga. Amen.