Galimoto ya Malemu Mkazi Wanga

Anzanga omvera, mkazi wanga atamwalira, galimoto yake ya m'misewu yoipa, yokhala ndi matumba a mpweya m'malo mwa masipulingi, inayamba kupendekeka kumbuyo m'mawa uliwonse. Apongozi anati, "Bambo, motoka iyi ikulila mwini wake. Igulitseni."

Ndinakana. Makaniko wa ku Kabwata anati, "Ba bosi, kompulesa yafa." Koma ine ndinkaimva ikupopa mpweya m'matumbamo bwinobwino. Ndinawaza madzi a sopo pa mapaipi ndi matumba onse, ndipo thovu linatuluka pa thumba lakumanzere, lomwe linabooka popita kumaliro a mkazi wanga kumudzi. Tinangosintha lomwelo.

Musanataye kompulesa, yambani mwayesa sopo. Lero ndimaperekeza mwana wathu kusukulu ku Woodlands pa galimoto yomweyo. Mpando wa dalaivala sindinausunthe pomwe malemu anausiya. Ndine wamtali, koma ndimangopinda miyendo.