Fungo la Mowa M'kamwa mwa Temwa

Pa siteji ya Nkhamenya, Esitere ankadikira galimoto ya ku Simlemba atabereka mwana wake Temwa kumsana. Mayi wina wogulitsa nthochi anasuzumira mwanayo.

"Kodi akudwala? Maso afookatu."

"Tatuluka m'chipatala lero. Lachiwiri ndinamupeza akudzandira pakhonde, kenaka anasanza n'kukomoka. M'kamwa fungo la mowa lokhalokha."

"Mayo! Wazaka zingati?"

"Zitatu."

"Anamumwetsa ndani?"

"Ine ndinati bambo ake, poti amalawa kachasu akaweruka kuchigafa cha fodya. Tisanathamangire kuchipatala ndinawalalatira pamaso pa anthu, zovala zawo n'kuponya panja. Anakana mpaka kugwetsa misozi."

"Amuna amakana choncho, mayi."

"Ayi, sananame. Adokotala anandifunsa ngati m'nyumba muli sanitaiza, mankhwala opaka m'manja aja. Akuti mowa wake ndi waukali kuposa kachasu."

"Ndiye munali nayo?"

"Yotsala nthawi ya kolona. Botolo lake litabooka, ndinaithira m'kabotolo ka juwisi n'kuika pawindo. Ndi manja angawa."

"Pepani. Tsono ku Simlemba ndi kwanu?"

"Ndi kwawo kwa bambo akewo, n'komwe anapita nditawathamangitsa. Ndikukanena zomwezi pamaso pa apongozi."